Mkulu wa nkhondo aziima pati: kutsogolo, paphiri kapena ku likulu?

Mkangano uja unayambira pa bawo, kuseri kwa msika wa Ndirande, tsiku limene wailesi inalengeza kuti pulezidenti wa Chad, Idriss Déby, wamwalira. Munali mu Epulo 2021. Mkuluyo anali atalamulira zaka 30, ndipo zotsatira za chisankho zinali zitangotuluka kumene zoti wapambananso. M'malo mokhala kunyumba ya boma n'kumadikira tsiku lolumbira, iye anauyamba ulendo wa kumpoto kwa dzikolo kumene asilikali ake ankalimbana ndi zigawenga. Mabala amene anawapeza kumeneko ndi amene anamutenga.

Mnyamata wina wa kabaza amene ankadikira pasenjala pompo anati, "Ameneyo ndiye mwamuna! Osati mabwana ongoloza ndi chala, iwo ali phee pa sofa."

Madala ena amene tonse timangowatcha a Sajeni, poti anapuma usilikali ali pa udindo umenewo, sanadzutse n'komwe maso. Anangopitiriza kutakata, n'kunena kuti, "Mphwanga, za kulimba mtima sindikutsutsa. Koma tadikira uone kuti dziko lake mawa lidzuka bwanji."

Linadzuka malamulo a dziko ataikidwa pambali, nyumba ya malamulo itathetsedwa, ndipo mwana wake Mahamat, wa zaka 37, ali pampando.

Kuyambira tsiku limenelo nkhaniyi yakhala ikubwerabwera pa bawopo. Malo amene mkulu wa nkhondo angaime alipo atatu, ndipo palinso njira yachinayi imene si malo kwenikweni koma kaleredwe ka gulu lonse. Ine ndimatsamira kwa a Sajeni, komabe mnyamata uja sanalankhule zopusa ayi.

Kutsogolo penipeni, mfuti m'manja

Njira iyi ndi imene imatifika pamtima ife Amalawi. Timati mutu ukakula sulewa nkhonya. Bwana amene sanafike pamaliro timamusunga mumtima zaka khumi, ndipo namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, anthu ku Chilobwe ankadziwa bwino lomwe amene anabwera kudzaponda matope ndi amene anangotumiza uthenga. Kunkhondo mtima umenewu ndi waukulu koposa. Munthu wagona m'dzenje, zipolopolo zikumulira pamutu, ndiye wina akumuuza kuti adzuke athamangire kumene zikuchokerako. Mawu a pa wailesi sangamudzutse msanga ngati mmene angamudzutsire msana wa bwana wake amene wadzuka kale.

Amene munafikako ku Zomba mukuidziwa Cobbe Barracks. Dzinalo ndi la Alexander Cobbe, mzungu amene anali mmodzi mwa akuluakulu a Keyala, gulu limene munali asilikali ochokera kwathu kuno. Pa 6 Okutobala 1902, pamalo otchedwa Erego ku Somaliland, ankhondo a Mohammed Abdullah Hassan anawatulukira m'tchire lowirira, magulu ena n'kubwerera m'mbuyo. Cobbe anapezeka yekha kutsogolo ndi mfuti ya chiwaya ya Maxim. Anaikoka yekha n'kuyamba kuiliza, kenako anatulukanso pakati pa zipolopolo kukanyamula msilikali wovulala. Anamupatsa mendulo ya Victoria Cross, ulemu waukulu koposa umene Angerezi amapereka kwa msilikali wolimba mtima. Asilikali akuda amene anamenya naye tsikulo palibe barakisi imene inatengera mayina awo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chofunika kuchiona pa nkhani ya Cobbe n'chakuti anthu amene ankawalamula ankawaona ndi maso, ndipo akakuwa ankamumva. Kale nkhondo zambiri zinali choncho. Alexander wa ku Macedonia ankakwera hatchi n'kukhala woyamba kulowa pakati pa adani chifukwa kunalibe wailesi, ndipo bwalo lonse la nkhondo munthu ukanaliyenda wapansi usanamve njala. Komabe ngakhale iyeyo zinamuonekera. Cha m'ma 325 Yesu asanabadwe, ali ku India, anadumphira m'linga la adani ali ndi anthu ochepa chabe, muvi n'kumulasa pachifuwa. Mphekesera itafala yoti wafa, gulu lonse linataya mtima pakati pa dziko la eni, mpaka anachita kumunyamula pa bwato kuti akweze dzanja anthu aone kuti ali moyo.

Mtengo wa njira iyi ndi womwewo: gulu lonse limapachikidwa pa moyo wa munthu mmodzi amene chipolopolo sichimusiyanitsa ndi kopolo. Fred Rwigyema analowa m'Rwanda akutsogolera gulu loukira boma la RPF pa 1 Okutobala 1990, ndipo tsiku lotsatira anali atafa. Gululo linabalalika, mpaka Paul Kagame anachita kusiya maphunziro ake a usilikali ku Fort Leavenworth ku America kudzatolera otsala n'kukabisala nawo m'mapiri a Virunga. Ku Congo, Mamadou Ndala anatchuka mu 2013 chifukwa ankayenda pamodzi ndi anyamata ake pothamangitsa zigawenga za M23. Pa 2 Januwale 2014 anamubisalira pamsewu pafupi ndi Beni. Kutchuka komweko kunamupanga kukhala munthu wosavuta kumudziwa ndi kumusaka.

Nkhani imene asilikali eni ake amatsutsanabe ndi ya H. Jones, amene ankatsogolera bataliyoni ya Angerezi pa nkhondo ya ku zilumba za Falklands. Pa 28 Meyi 1982 ku Goose Green, gulu lake lina linakanika kusuntha patsinde pa kaphiri chifukwa cha mfuti za asilikali a Argentina. Jones anatopa n'kudikira, ananyamula mfuti yake n'kuthamangira dzenje la adani, ndipo anamuwombera n'kufa. Nayenso analandira Victoria Cross. Ena amati imfa yake inadzutsa gulu. Ena amafunsa kuti, pa mphindi zimene mkulu wa anthu mazanamazana ankagwira ntchito ya msilikali mmodzi, ndani ankaganiza za magulu ena aja, za mizinga, za zipolopolo zimene zinkatha? Chimene sichitsutsika n'chakuti wachiwiri wake, Meja Chris Keeble, anatenga udindo nthawi yomweyo, ndipo m'mawa mwake adani pafupifupi 1,000 anagonja. Nkhondoyo anaipambana chifukwa panali munthu wokonzeka kulowa m'malo. Rwigyema analibe mwayi umenewo.

Ku likulu, kutali ndi utsi

Apa ndi pamene mnyamata wa kabaza amati ndi pa sofa. Koma tiyeni tione ntchito imene jenerali amalandirira malipiro. Si kuwombera. Ndi kudziwa kuti mafuta afika liti, ovulala atuluka bwanji, ndege ziuluka nthawi yanji, gulu losungidwa pambali liponyedwe kuti ndiponso pa ola liti, komanso kuyankha foni ya andale. Zonsezi zimafuna mapu, mawailesi ambiri ndi anthu omuthandiza atamuzungulira. Munthu amene wagona chafufumimba kuseri kwa chulu amangoona mamita 50 a patsogolo pake, ndipo ubongo wake umamuuza kuti nkhondo yonse ndi yomweyo.

Dwight Eisenhower, mkulu wa magulu onse a America, Britain ndi anzawo amene ankakamenyana ndi Ajeremani, sanaponde gombe la Normandy ku France pa 6 Juni 1944 pamene asilikali pafupifupi 156,000 ankatsika. Anali kutsidya, ku England. Chisankho chachikulu cha nkhondoyo anachipanga m'chipinda ku Southwick House pafupi ndi Portsmouth, atamvetsera anthu a zanyengo: anachedwetsa ulendo ndi tsiku limodzi chifukwa cha mphepo, kenako n'kulamula kuti apite. Akanakhala m'boti loyamba, akanangowonjezera munthu mmodzi wosanza ndi mafunde.

Koma likulu lili ndi matenda ake, ndipo ndi oopsa chifukwa samveka kuwawa. Mu 1914 Helmuth von Moltke ankalamula magulu a Germany amene ankalowera ku Paris ali ku Luxembourg, makilomita oposa 200 kuchokera kumene kunkamenyedwa. Mauthenga ankafika mochedwa, ena osafika n'komwe. Pa nkhondo ya ku mtsinje wa Marne mu Seputembala, m'malo mopita yekha, anatuma ofesala wa udindo wocheperapo, Richard Hentsch, kuti akazungulire pa galimoto. Kubwerera m'mbuyo kwa magulu onse aja kunagamulidwa Hentsch ali komweko, mwini wake ali kutali, ndipo pasanathe sabata Moltke anali atachotsedwa. Malipoti akamakwera makwerero amasamba panjira: sajeni akati "tatha," kaputeni amalemba kuti "zavutirapo," ndipo pofika kwa jenerali zimakhala kuti "zinthu zili m'manja." Aliyense amene anagwirapo ntchito mu ofesi ya m'tauni muno akudziwa zimene ndikunena.

Kwathu kuno tili ndi chitsanzo chimene sitikonda kuchiyang'ana ndi diso la nkhondo. Usiku wa pa 23 Januwale 1915, a John Chilembwe anatuma magulu awo, lina ku Magomero, lina kuno ku Blantyre kukathyola nyumba ya zida ya kampani ya African Lakes ku Mandala. Iwo anatsala ku Mbombwe. Ku Mandala anthu aja anangotenga mfuti zochepa alonda atadzidzimuka, ndipo gulu la ku Ntcheu la a Filipo Chinyama silinaphule kanthu. Sindikunena kuti abusa akanapita okha ku Mandala zikanasintha, poti iwo anali mbusa osati msilikali, ndipo mphamvu za atsamunda zinali zazikulu. Koma zikuonetsa chinthu chimodzi: kukhala pakati kumathandiza pokhapokha ngati uli ndi njira yomvera msanga zimene zachitika ndi yosinthira mapulani. Uthenga woyenda ndi miyendo kuchokera ku Mandala kukafika ku Chiradzulu umapeza zinthu zitasintha kale.

Ngakhale m'Baibulo nkhaniyi ili mbali ziwiri. Davide yemweyo amene anthu ake anamuletsa kupitanso kunkhondo atatsala pang'ono kuphedwa ndi Mfilisti, ndi amenenso anatsala ku Yerusalemu nthawi ya nkhondo n'kuyamba kusuzumira mkazi wa Uriya.

Paphiri: pafupi poti uone, patali poti uganize

Iyi ndi njira imene ine ndimaikhulupirira kwa akuluakulu enieni, ndipo chitsanzo chake chabwino ndi cha Azulu, abale a Angoni athu a ku Ntcheu ndi ku Mzimba. Pa 22 Januwale 1879 ku Isandlwana, Ntshingwayo kaMahole, bambo wachikulire wa zaka pafupifupi 70, ankatsogolera ankhondo pafupifupi 20,000. Sanathamange ndi nthungo kutsogolo. Anaima pamtunda pamene ankaona chifuwa cha gulu lake, ndiye kuti ankhondo a pakati, ndi nyanga zake zonse ziwiri, magulu a m'mbali ozinga adani. Chifuwa chija chitagona pansi chifukwa cha mfuti za Angerezi, induna ina, Mkhosana kaMvundlana, inatsika kuchokera pamtundapo kukawadzutsa. Anadzukadi, Mkhosana n'kuwomberedwa pomwepo, koma amene ankaona nkhondo yonse anatsala ali moyo mpaka nyanga zija zinatsekera kumbuyo kwa msasa. Ku mbali ya Angerezi kunafa anthu oposa 1,300. Mkulu wawo, Lord Chelmsford, anali atachoka m'mawa ndi theka la asilikali kukasaka adani kumene kunalibe, ndipo mauthenga a kumsasa sanawatenge ngati nkhani yaikulu mpaka madzi atafika m'khosi.

Nthawi zina phirilo limakhala pansi pa zipolopolo penipeni. Pa tsiku lomwe lija la Normandy, Theodore Roosevelt Jr., jenerali wa ku America wa zaka 56 woyenda ndi ndodo, anatsika ndi gulu loyamba pa gombe la Utah. Anapeza kuti maboti awatula pamalo olakwika, pafupifupi makilomita 2 kuchokera pamene anakonza. Chifukwa anali pompo ndipo anali ndi udindo wokwanira, anagamula kuti asabwerere, ayambire pomwepo, ndipo magulu otsatira alondoleredwe komweko. Sanapite kukawombera. Anapita ndi maso komanso ndi mphamvu yosintha mapulani, zinthu ziwiri zimene kaputeni pamalopo analibe zonse pamodzi.

Vuto la njira iyi ndi dyera. Ukafika pafupi, nkhondo imakoma, ndipo kubwerera kumavuta. Jenerali wa ku Germany, Erwin Rommel, ankatamandidwa chifukwa chopezeka paliponse pamene patentha, koma mu Novembala 1941 m'chipululu cha Libya anathamangira kumalire a Egypt ndi akasinja ake n'kusowa kwa masiku angapo, likulu lake osadziwa kumene ali. Zinthu zitaipa pafupi ndi Tobruk, ofesala wa ku likulu, Siegfried Westphal, anachita kuitanitsa yekha gulu la akasinja popanda chilolezo cha bwana wake. Jenerali wosapezeka pa wailesi amafanana ndi wakufa, kungoti wakufayo amakhala ndi womulowa m'malo.

Palinso kavuto kena kamene a Sajeni amakonda kukatchula: bwana wamkulu akafika pafupi, amayamba kulamula anthu amene ali ndi bwana wawo kale. Kaputeni amasanduka mlendo pagulu lake lomwe.

Kupangana kusanapse

Nkhanga zinapangana kusanapse. Njira yachinayi ndi yakuti mkulu afotokozeretu chimene akufuna ndi chifukwa chake, kenako asiye ang'onoang'ono asankhe okha kachitidwe zinthu zikasintha. Ajeremani anaiyamba kale m'zaka za m'ma 1800, ndipo magulu ambiri a nkhondo masiku ano amaiphunzitsa. Gulu loleredwa chonchi silidikira jenerali kuti adzaone mlatho wogumuka. Sajeni amapeza powolokera n'kungodziwitsa akumtunda.

Kumene njira iyi kulibe, akuluakulu amapita kutsogolo mokakamizika. Mu 2022, masabata oyamba a nkhondo ya ku Ukraine, Russia inataya majenerali angapo, woyamba kutsimikizika ali Andrei Sukhovetsky. Akatswiri ambiri a zankhondo anafotokoza kuti si kulimba mtima kokha kumene kunawatengera kumeneko. M'gulu lawo chilichonse chimadikira lamulo lochokera kumwamba, masajeni alibe mphamvu zambiri, ndiye mzere wa magalimoto ukaima panjira amayenera kubwera ndi jenerali kudzaukankha. Ine ndikamva kuti jenerali wafera pamphambano akulondolera magalimoto, funso langa loyamba limapita kusukulu imene inaphunzitsa masajeni ake.

Ndipo kulimba mtima kumene mnyamata wa kabaza amakufuna sikusowa m'magulu otere, kumangokhala pamalo pake. Mu Novembala 2018, pafupi ndi Beni, asilikali athu a MDF amene anali pansi pa United Nations analimbana ndi zigawenga za ADF, ndipo 6 anatisiya. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anaona kopolo wa ku Tanzania atavulala poyera, anamukokera pobisika n'kuyamba kumumanga mabala, ndipo iye ndi amene anawomberedwa. Mtanzaniayo anapulumuka. Mu Meyi 2019 United Nations inapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu kwambiri kwa asilikali osungitsa mtendere. Chitete sanadikire jenerali kuti amuonetse chitsanzo. Kuipa kwa njira iyi n'kwakuti siigulidwa nkhondo itayamba. Imatenga zaka ku MAFCO ku Salima ndi m'mabarakisi, ndipo imafuna mabwana olola kuti wamng'ono alakwitse pophunzira osamudula mutu. Pachikhalidwe chathu chakuti wamkulu salakwa, pamenepo ndiye pali ntchito.

Zida za masiku ano zakankhiranso sikelo mbali imeneyi. Kale bwana ankaopa munthu wa mfuti amene wamuona nyota za paphewa, monga zinamuchitikira Horatio Nelson, mkulu wa asilikali a panyanja a Angerezi, pa sitima yake ku Trafalgar mu 1805. Lero droni ya mtengo wa njinga yamoto imaona magalimoto atatu ataima pamodzi ndi milongoti ya wailesi, ndipo foni ya m'thumba imaulula pamene uli. Pa 1 Januwale 2023 ku Makiivka ku Ukraine, mizinga inagwera nyumba imene munagona asilikali a Russia, boma lawo linavomera kuti anafa 89, ndipo linaloza chala mafoni a asilikaliwo. Ngakhale likulu lenilenilo tsopano liyenera kukhala laling'ono ndi losamukasamuka. Koma droni yomweyo yabweretsanso chiyeso china: jenerali ali pa mpando amaona pa sikirini msilikali mmodzimmodzi, n'kuyamba kumuuza mtengo woti abisalepo.

Ndiye ndani aime pati?

Yankho limatsata kukula kwa gulu. Wotsogolera anthu 30 alibe kusankha, malo ake ndi pakati pawo, ndipo akadzuka iwo amadzuka. Wa anthu 100 akhale kumbuyo pang'ono kwa gulu lotsogola, poti aone magulu ake onse. Wa bataliyoni, anthu 600 kapena 800, ndi amene ali pamalire ovuta a H. Jones: afike pamene pavuta, koma chida chake chikhale wailesi, ndipo wachiwiri wake asayende naye galimoto imodzi. Kuyambira pa brigediya kupita kumtunda, kutsogolo ndi kokacheza ndi kukaona, kawirikawiri ndithu, koma ndi nthawi yobwerera yodziwika. Kunyamula mfuti n'kuthamanga kumatsalira tsiku limodzi lokha, tsiku limene mzere ukusweka ndipo palibenso china chotsala choponya, ngati la Cobbe ku Erego. Mtsogoleri wa dziko, ngati Déby, alibe chochita kumeneko.

Tsiku lina mnyamata wa kabaza uja anawafunsa a Sajeni kuti, "Nanga inuyo madala, bwana amene munkamukonda anali wotani?"

A Sajeni anati anali wina amene ankabwera kuthengo osalengeza, n'kudya nsima ya m'poto yemweyo, mchere ukachepa iyenso umuchepere. Ankayang'ana nsapato za anthu, n'kufunsa kuti madzi akutunga kuti ndiponso kuti makalata a kumudzi anafika liti. Akalonjeza mabatire a wailesi, pasanathe masiku atatu ankafika.

"Ndiye ankamenya nanu?"

"Ayi. Akachedwa tinkachita kumuuza kuti, bwana, galimoto yanuyi ikutiitanira alendo, tadzipitani."

Mnyamatayo anapukusa mutu kusonyeza kuti sanakhutire. Mayi wina anamuitana kuti awatengere thumba la makala ku Goliyo, ndipo anakankha njinga yake n'kumapita.